Cathy Wolanda, Galu wa Mayi Nthala

Gladys Nthala anafika ku London mu 2002, atagwira unamwino ku Ntcheu ndi ku Blantyre mpaka msana utayamba kudandaula. Ife amene tinkapemphera naye mu holo ina ku Woolwich tinamudziwa msanga kuti ndi munthu wosabweza mawu. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo ankayenda ngati wachedwa nthawi zonse. Ukamulakwira sankakalipa. Ankangokuyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono, iwe n'kudziwa kuti nkhaniyo waisunga.

Ntchito anaipeza kunyumba yosamalira okalamba cha ku Plumstead. Kenako anapeza fulati ku Thamesmead, m'mwamba mwa imodzi ya nyumba zazitali zakonkire zija, kumene mphepo ya kumtsinje imalowa ngakhale mawindo atatsekedwa. Patapita zaka ziwiri anaitanitsa mwamuna wake Rogers ndi mwana wawo wamkazi, Chiye. Kwathu Rogers anali mphunzitsi wa sekondale. Kuno anakhala mlonda wa pasitolo ku Lewisham, ndipo yunifomu ya ulondayo ankaiona ngati anamuveka ndi mkazi wake.

Cathy anabwera mu 2005. Anali mng'ono wa mnzake wa Gladys wa kusukulu ya unamwino, mtsikana wowonda, wamtali, wolankhula chapansipansi. Anabwera kudzaphunzira za akaunti ndipo analibe pofikira. Gladys anamuyalira matiresi pabalaza, anamupatsa jekete lake lachisanu, anamuphunzitsa mabasi, anamupezeranso ganyu yoyeretsa m'maofesi. Gladys mwiniyo ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, masiku ena ngakhale Lamlungu.

Tsiku lina madzulo, chakumapeto kwa 2006, anapeza zovala za Rogers palibe, matiresi apabalaza apindidwa bwinobwino, Chiye ali chikhalire pakhonde ndi chikwama cha kusukulu. Rogers ndi Cathy anali atasamukira ku Lewisham. Anatenganso mphika wamagetsi wophikira mpunga. Gladys sanalire pamaso pa munthu. M'mawa mwake anakwera basi n'kupita kuntchito.

Kuntchitoko kunali nkhalamba ina ya ku Ireland, a Killian Doyle, amene moyo wawo wonse ankamanga nyumba za anthu ndi kuweta agalu a mtundu wa wipeti, agalu owonda a miyendo italiitali ngati osakira nyama akwathu aja. Khoma la chipinda chawo linali zithunzi za agalu zokhazokha. Ankatukwana aliyense wobwera kudzawasambitsa, moti atsikana ena ankatuluka akulira. Gladys yekha ndiye ankawabwezera. Iwo akati manja ake ndi ozizira ngati a mtembo, iye ankati awazolowere chifukwa ndi kumene akupita. Nkhalambayo inkaseka mpaka kutsokomola. Umu ndi mmene anagwirizanirana, ndipo pamene a Killian ankamwalira, kumayambiriro kwa 2007, amene anawagwira dzanja anali Gladys.

Chilimwe chitayamba, mwana wa malemuwo, Stephanie, anamuimbira foni. Iyeyu ndiye anatsala ndi agalu a bambo ake ku Sidcup. Anati galu wina waswa, ndipo bambo ake anasiya mawu akuti mwana mmodzi wamkazi adzapite kwa namwino wolongolola uja.

Gladys anakana. Anati kwawo galu amagona panja n'kumadya zotsala, ndipo iye alibe bwalo. Koma Chiye, amene panthawiyi anali ndi zaka khumi ndi zinayi ndipo anali atasiya kuseka chichokereni bambo ake, anamva nkhaniyo. Anachonderera sabata yonse, m'Chingerezi monga mwa masiku onse, amayi ake akuyankha m'Chichewa. Loweruka anakwera basi ya ku Sidcup.

Tiagaluto tinali mudengu lalikulu kukhitchini. Stephanie anafotokoza kuti agaluwa si agalu wamba. Makolo awo amadziwika mpaka azigogo a azigogo, ndipo onse analembedwa kubungwe lolembetsa agalu. Galu aliyense amakhala ndi mayina awiri, lapakhomo ndi lam'buku. Lam'bukulo limayamba ndi Doonlea, dzina la khola limene bambo ake analembetsa kalekale potengera mudzi umene anabadwira.

"Nthawi zonse mayinawa ndimasankha ndine," anatero Stephanie. "Koma uyu musankhe ndinu. Bambo akanakonda zimenezo. Lingokhala lalifupi, ndipo lisakhale loti galu wina ali nalo kale. Muganize bwino, chifukwa likalembedwa lidzayenda ndi galuyu moyo wake wonse, ndipo lidzaoneka pa mapepala a ana ake ndi zidzukulu zake."

Chiye anali atagwada kale pambali pa dengu. Anatchula Nyenyezi, anatchula Chisomo, kenako anati Doonlea Mphatso likumveka bwino. Amayi ake anawerama pa dengulo. Maso awo anali pa kagalu kamene anawalozerako, kofiirira, kowonda kuposa anzake. Kanali katakankha m'bale wake pa bere n'kuyamba kuyamwa pamalo pake.

Kwawo kwa Gladys dzina la galu silikhala la galu. Azakhali ake ku Ntcheu anali ndi galu dzina lake Mudzatopa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti akamuitana, mawuwo akupita kunyumba ya kuseri kwa nkhokwe. Galu ankangonyamula uthenga.

"Chiye, tapita ukaone agalu akuluakulu panjapo," anatero Gladys.

Mtsikanayo atatuluka, Gladys anatchula dzina lonse monga linamubwerera: Cathy Wolanda Amuna A Eni. Stephanie anawerenga zilembo ndi chala n'kunena kuti latalika kwambiri. Gladys anadula kumapeto.

"Doonlea Cathy Wolanda," anatero Stephanie, akulilawa pakamwa. "Likumveka ngati Yolanda. Ndi lokongola. Limatanthauza chiyani?"

"Munthu amene unamulandira pakhomo pako," anayankha Gladys.

Stephanie anagwira pamtima, misozi ikulengeza, ndipo madzulo omwewo analitumiza.

Patapita masabata angapo anapita kukatenga kagaluko. Stephanie anakanyamula m'bulangete n'kukaika m'manja mwa Chiye, akumwetulira, n'kutchula dzina lonse lija mokweza ngati akulengeza mkwatibwi. Chiye sankalankhulanso Chichewa, koma ankamva chilichonse. Anayang'ana amayi ake. Amayi ake ankamanga mabatani a jekete.

Nkhondo inayambira m'basi.

"Mami, mwanamiza mayi uja."

"Sindinamunamize. Kodi Cathy sindinamulandire pakhomo panga?"

"Mukudziwa zimene ndikunena. Galuyu ndi wanga."

"Anapatsa ine."

"Ine ndizimutcha Mphatso."

"Mutche. Tione kuti adzamvera ndani, iwe kapena womupatsa chakudya."

Anamvera womupatsa chakudya. Chiye ankakhala kusukulu, ndipo Loweruka lililonse ankapita kwa bambo ake. Gladys anasintha mashifiti kuti azipezeka masana. Munthu amene ankati galu amagona panja anagulira wake kajekete kofiira, chifukwa agalu amenewa amanjenjemera ndi mphepo pang'ono. Ankamuphikira chiwindi cha nkhuku. Ankatsika naye pamasitepe lifiti ikafa, atamunyamula ngati khanda. Galuyo ankagona kumapazi kwake. Kumukonda ankamukonda ndithu, ndipo palibe anakayikapo. Koma dzina sanalifewetse.

Loweruka Amalawi ambiri a kuderali ankakumana kumsika wa ku Woolwich, pogula nsomba, ufa, therere ndi makhadi oimbira kumudzi. Galu atakula pang'ono, Gladys anayamba kupita naye kumeneko. Ankayenda pang'onopang'ono, zimene sizinali zake, n'kumalankhula naye m'Chichewa momveka.

"Cathy, siya zimenezo, si zako."

"Cathy, usanunkhize amuna a eni."

Ena ankaseka n'kubisa nkhope m'mipango. Ena ankatembenuka ngati sanamve. Pofika Lamlungu nkhaniyo inali itafika ku Lewisham, ndipo inapitirira mpaka ku Blantyre, kwa mkulu wake wa Cathy uja, amene ubwenzi wake ndi Gladys unathera pomwepo.

Gladys anakumana ndi awiri aja Loweruka lina mu Okutobala, pafupi ndi benchi ya nsomba. Rogers anali atanyamula matumba. Cathy anali pambali pake, mimba itayamba kuoneka. Gladys anaona mimbayo ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakoka chingwe.

"Cathy, khala pansi."

Galu anakhala pansi.

"Mayi a Chiye," anatero Rogers, mawu ali pansi, "pano ndi pagulu."

"Ndikulankhula ndi galu wanga, bambo a Chiye. Kapena pali wina wavomera?"

"Anti, ndinakulakwirani, ndikudziwa," anatero Cathy. "Koma dzina limeneli anandipatsa ndi mayi anga, ndipo ali kumanda."

"Ndiye bwino sanaone zimene unachita nalo. Uyu ali ndi satifiketi. Makolo ake amadziwika. Iwe uli ndi pepala lanji? La ukwati lili kwa ine."

Cathy anasiya kulankhula chapansipansi tsiku limenelo. Ananena kuti mwamuna salandidwa ngati thumba la ufa, amachoka yekha. Ananena kuti m'nyumba ija munalibe mawu ena koma a shifiti ndi malamulo, kuti Rogers ankadya ataimirira poopa kudetsa mpando, kuti ngakhale mwana ankayenda chonyang'ama. Ananena kuti galu ndiye woyenera kukhala ndi Gladys, chifukwa galu yekha ndi amene angauzidwe kuti khala pansi tsiku lililonse osatopa.

Wogulitsa nsomba anaima ndi mpeni m'manja, osamva kanthu koma akuona zonse. Rogers anagwira Cathy pamkono n'kupita naye. Gladys anagula makerele awiri ngati palibe chachitika.

Mkati mwa sabata kunabwera a Paterson, mkulu wa mpingo wathu, amenenso ankaimira ngati nkhoswe pa maukwati ambiri a kuno. Anakhala pampando, galu n'kudzaika mutu pabondo lawo. Sanadziwe pomuika dzanja.

"Mayi Nthala, palibe amene akuti simunalakwiridwe. Tonse tinaona. Koma munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Kumutcha galu dzina la munthu, ngakhale kumudzi sitichita. Timazungulira."

"Pamene ankasamuka ndi mwamuna wanga munapita kukawauza za chifanizo cha Mulungu?"

"Tinapita."

"Anabwerera?"

A Paterson anaika kapu ya tiyi patebulo. "Chimene ndikupempha n'chochepa. Sinthani dzinali."

"Linalembedwa kubungwe. Si la m'kaundula wa mpingo loti mungafute ndi labala. Ndipo galuyu akadzaswa, wamwamuna woyamba adzakhala Rogers. Enawo ndidzayamba ndi apongozi anga, amene ankadziwa zonse n'kumandiimbira foni kufunsa za mankhwala awo."

A Paterson anamwa tiyi wawo theka n'kutsanzika. Lamlungu lotsatira Gladys anapeza kuti amuchotsa pa gulu lolandira alendo. Anakhala kumbuyo, anaimba nyimbo zonse, ndipo sanabwerenso.

Amene anakauza Stephanie anali Chiye. Anapita yekha ku Sidcup ataweruka kusukulu, n'kumasulira dzinalo liwu ndi liwu. Anafotokozanso za ana agalu amene amayi ake ankafuna kudzawatcha mayina.

Stephanie sanaimbe foni. Anabwera ndi galimoto, anakwera masitepe onse aja, ndipo anakana kukhala pansi.

"Dzina la Doonlea bambo anga analisunga zaka zonse popanda banga. Anali munthu wa pakamwa poipa, koma galu sanamugwiritsepo ntchito yotukwanira munthu. Inu mwatenga dzina la mudzi wawo n'kulimata pa ndewu yanu. Ndinakufunsani tanthauzo lake, munandiyang'ana m'maso."

"Bambo anu akanaseka," anatero Gladys.

"Mwina. Koma akanafuna muwauze zoona kaye."

Gladys anayang'ana galu, amene anali ataima pakati pawo akugwedeza mchira kwa onse awiri.

Stephanie anapitiriza. Anamukumbutsa kuti agalu onse ochokera kwa iye amapita ndi chiletso chakuti ana awo sangalembetsedwe mwini khola asanavomere, ndipo Gladys anasainira zimenezo tsiku lotenga galu. "Ndinkati ndidzachichotsa akadzakula. Sindidzachichotsa. Ngati mwatopa naye, ndimutenga lero lomwe."

"Galu sapita kulikonse."

"Ndiye musamaleni. Kwa ine musadzabwerenso."

Chitseko chitatsekedwa, Gladys anatembenukira mwana wake, amene anali ataima pakhomo la chipinda chake.

"Wandigulitsa kwa mzungu."

"Mwana amene Cathy adzabereke ndi m'bale wanga, Mami. Adzakula n'kumva kuti mayi ake ndi galu wa kwathu. Ine ndidzamuuza chiyani?"

"Ngati ndi m'bale wako, pita ukakhale naye."

Anali mawu a mkwiyo, koma Chiye anali mwana wa mayi ake. Khirisimasi isanafike anali atasamukira ku Lewisham, kukagona pabalaza, pamatiresi. Gladys anamulongedzera yekha zovala, anazisita zonse, ndipo sanamupemphe kuti akhale.

Chaka chatsopano chitangoyamba, munthu wina anakanena kwa eni nyumba kuti m'fulati muja muli galu, pamene malamulo a nyumbayo sankalola. Gladys anati ndi Rogers. Rogers anakana mpaka kulumbira. Mwina anali mzimayi wa pansi pake amene ankadandaula za zikhadabo pamwamba pa mutu wake. Eni nyumbawo anauza Gladys kuti asankhe, fulati kapena galu. Anasamukira ku Erith, m'kanyumba kapansi kachinyezi kokhala ndi kabwalo kumbuyo, ndipo ulendo wa kuntchito unatalika. Nkhungu inkamera kuseri kwa kabati. Iye ankaipala ndi bulashi, galu akumuonerera.

Chiye ankabwera kamodzikamodzi. Ankafika, n'kupereka moni, n'kutenga chingwe kupita ndi galu kumtsinje. Ankamuitana Mphatso, galuyo n'kumabwera chifukwa cha mawu ake, osati dzinalo. Pobwera ankadya zimene amayi ake aphika. Ankakamba za sukulu ndi za mayeso. Za ku Lewisham sankazitchula, ndipo Gladys sankafunsa, ngakhale anamva kwa ena kuti kunabadwa mwana wamwamuna.

Mu 2009 kunagwa maliro a namwino mnzathu, Bessie, amene anadwala nthawi yochepa. Tinasonkhana kunyumba kwake ku Lewisham pokonzekera kutumiza thupi kumudzi. Pamaliro sasankha wobwera. Gladys anafika masana atavala chitenje pamwamba pa yunifomu, anapepesa anamfedwa, n'kulowa kukhitchini monga amachitira amayi. Pasinki panali Cathy, mwana ali kumbuyo. Amayi ena awiri amene anali momwemo anapeza zifukwa zotulukira.

Mbale zinali zambiri. Cathy ankatsuka, Gladys anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta. Mwanayo anatembenuza mutu n'kumuyang'ana. Anali ndi chipumi cha Rogers ndi makutu a Chiye.

"Galu wanu ali bwanji, anti?" anafunsa Cathy, osatembenuka.

"Ali bwino. Amadya zimene wapatsidwa basi."

Cathy anatsegula mpopi kwambiri. Anamaliza mbalezo, wina kutsuka, wina kupukuta, mpaka sinki inayera. Pabalaza anayamba nyimbo. Gladys anayanika kansalu pachitseko cha uvuni, anakasiya chipepeso chake m'mbale ya anamfedwa, n'kuuza a Paterson kuti sadikira mapemphero chifukwa galu wakhala yekha m'nyumba kuyambira m'mawa. Chiye anamuperekeza mpaka pa siteji ya basi. Kunkagwa mvula yowaza, ndipo anaima pansi pa ambulera imodzi mpaka basi inabwera.